Mwana wa Wasalaula Sawerenga Mwaulere

M'Kafue monse, kuyambira pamlatho mpaka kuseri kwa Nangongwe, panalibe munthu wondigonjetsa pa nkhani ya mtengo. Ndikunena zimene ndikudziwa. Ndinagulitsapo jekete yaubweya m'mwezi wa Okutobala kwa munthu amene thukuta linali kuchucha m'khosi, ndipo pochoka anandithokoza. Choncho tsiku limene ndinauza alamu anga kuti mwana wanga adzawerenga Khirisimasi isanadutse, popanda nesale, popanda yunifomu, mphunzitsi wake ndili ine ndekha, sindinaone ngati ndikudzitama. Ndinaona ngati ndikutchula mtengo wa katundu amene ali kale m'manja mwanga.

Ndiyambe ndi mmene ndinafikira pamsika. Bambo anga anachokera kum'mawa kudzagwira ntchito ya njanji, ine n'kubadwira kuno, ndipo nditakula ndinalowa kufakitale ya nsalu monga ankachitira anyamata ambiri a msinkhu wanga. Kenako boma linasintha, zitseko za dziko zinatseguka, ndipo chilichonse chinayamba kulowa: maapulo, maminibasi, matchalitchi atsopano, ndi mabelo a zovala zovalidwa kale zimene timati salaula. Anthu anasiya kugula nsalu zathu, ndipo ambiri tinauzidwa kuti tikapume kunyumba. Anzanga ena ankatukwana salaula kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Ine ndinati njoka ikakuluma, igwire ugulitse khungu lake. Ndinagula belo limodzi, n'kukhoma benchi pamsika wa ku Nangongwe.

Alamu anga, mchimwene wake wa mkazi wanga, sanapume nawo. Iwo anali a muofesi, ndipo mphepo ija inawadutsa pamwamba. Ankakhala ku Kafue Estates, m'nyumba ya khonde ndi maluwa, ndipo anali ndi mwana wamwamuna wobadwa dzinja limodzi ndi kamtsikana kanga. Masiku amenewo aliyense wokhala ndi galaja yopanda galimoto ankaisandutsa nesale, kutanthauza kasukulu ka ana osafika msinkhu wa giredi wani. Mwana wa alamu ankapita kumeneko atavala kabudula wobiriwira, kachikwama kali kumsana ngati munthu wopita ku Lusaka kukasaina mapepala.

Lamlungu lina tinapita kukawachezera. Tisanamalize n'komwe kumwa tiyi, anamuimika mnyamatayo pakati pa chipinda.

"Imbira ba ankolo bako," anatero alamu.

Mwanayo anaimba zilembo zonse za Chingerezi kuyambira koyamba mpaka kumapeto, manja ali kumbuyo, osapuma. Anthu anaomba m'manja. Kamtsikana kanga kanali pansi pa tebulo kakunyambita majarini pa buledi. Mkazi wanga anangondiyang'ana, ndipo inu amene muli pabanja mukudziwa kuti diso lotero limalemera kuposa belo.

"Nanga ba mulamu," anatero alamu akutakasa shuga, "uyu wanu mumuyambitsa liti? Kapena azaphunzira pamsika kukuwa kuti salaulani, salaulani?"

"Kuimba si kuwerenga, ba mulamu," ndinayankha. "Na chinkhwe chimaimba. Wanga azawerenga mawu enieni. Pa Khirisimasi tizabwera pano, mulembe chilichonse chimene mufuna, azakuwerengerani."

"Azamuphunzitsa ndani?"

Ndinadzimenya pachifuwa.

Pobwerera, m'minibasi, mkazi wanga anangoti, "Pakamwa panu mukanakhala kuti mumalipira lendi, bwenzi mutasamuka kale."

Njira yanga inali yosavuta. Msika unali utandiphunzitsa kuti munthu sasuntha popanda phindu. Ndinagula botolo la maswiti, aja ozungulira osiya lilime lofiira, n'kuliika pansi pa benchi. Mabuku sindinawafune. Belo lililonse linkabwera ndi matisheti olembedwa zilembo zikuluzikulu pachifuwa, mawu a kumaiko ozizira amene ngakhale ine sindinkadziwa kuti akutukwana kapena akudalitsa. M'mawa uliwonse mwanayo ankabwera nane kumsika, amake n'kudzamutenga masana. Makasitomala akachepa ndinkayala tisheti pamwendo, n'kuloza.

"Ichi ni A. Kamba."

"A."

"Tenga switi."

Chilembo chimodzi, switi imodzi. Poyamba zinayenda ngati bwato lotsika ndi madzi. Ndinkafika kunyumba ndikuimba mluzu, ndikuganiza nkhope ya alamu pa Khirisimasi. Koma ndinaiwala chinthu chimodzi. Zilembo mwanayo ankazimva kamphindi chabe. Zimene ankamva m'mawa wonse, atakhala pamulu wa masiketi maso ali pa ine, zinali zina.

Tsiku lina ndinaloza M. Anayang'ana chilembocho, n'kuyang'ana switi inali m'dzanja langa, kenako anapotoza pakamwa ngati mayi amene wapeza kachibowo m'khwapa mwa bulauzi.

"Ichi n'chachikulu, ba dadi. Chili na miyendo yambiri. Ni awiri."

"Awiri a chani?"

"Maswiti."

"Iwe, pano mtengo ni umodzi."

"Basi sungani chilembo chanu."

Anatsika pamulu paja n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono kulowera kwa amayi ogulitsa tomato, osacheuka, koma khutu limodzi atalisiya kumbuyo. Kuyenda kumeneko ndinakuzindikira. Ndi kuyenda kwa munthu amene akudziwa kuti aitanidwa. Ndipo ine, munthu amene sindinaitanepo kasitomala asanafike pangodya, ndinaitana.

Amayi a tomato aja anaseka mpaka kugwira m'chiuno. "Mwabala mnzanu, ba salaula!"

Kunena zoona, tsiku limenelo ndinanyada. Koma malondawo anapitirira kukula. Lolemba lililonse ankaiwala zilembo zimene ndinalipira kale sabata yatha, ndipo katundu wogulitsidwa kale ankabwereranso pabenchi ngati watsopano. Ndikadandaula ankakweza mapewa n'kunena kuti mutu wake ndi waung'ono. Tikamaliza ankatambasula dzanja kufuna mbasela, kanthu kaja kamene wogulitsa amaonjezera pamwamba kuti wogula adzabwerenso.

"Mbasela amapasa ni wogulitsa, iwe! Pano wogulitsa ndiwe."

"Nanga imwe simugulitsa?"

Botolo linkatha, ndinkagula lina. Mvula isanayambe ndinakhala pansi n'kuona kuti zinthu sizili bwino. Zilembo zina ankazidziwa lero, mawa osazidziwa. S ankati sanamuonepo chibadwire. P ankati amamuopa. Zolumikiza zilembo kuti zikhale mawu sitinayambe n'komwe, chifukwa ndinkaopa mtengo wake.

Tsopano ndikuuzeni za mnyamata wa penti. Nyumba imene tinkachita lendi inali ndi kachipinda kuseri, ndipo mmenemo munkakhala mnyamata wina wosakwatira, wopemphera kutchalitchi china cha Chipentekosite chimene chinkakumana m'kalasi ya sukulu. Mayi ake anali Mtonga, bambo ake Mbemba, iye ankayankhula chilichonse. Ntchito yake inali kulemba zikwangwani, ndipo nthawi imeneyo ntchito inamukonda, chifukwa aliyense wochotsedwa kufakitale ankatsegula kantemba, ndipo kantemba kalikonse kankafuna dzina. Eni maminibasi nawonso ankabweretsa magalimoto awo kuti awalembere mawu kumbuyo. Ankagwirira ntchito pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba, akung'ung'udza makorasi. Ndinalibe naye mlandu. Ankandipatsa moni ndi manja awiri, n'kumanditchula kuti ba mudala ngakhale imvi ndinalibe.

Tsiku lina belo limene ndinkayembekezera kuchokera ku Lusaka silinafike, ndipo ndinaweruka dzuwa likadali pamutu. Ndikulowa pageti ndinamva mwana wanga akuseka kuseri kwa nyumba, kuseka kwa m'mimba kumene sindinakumvepo pabenchi langa. Ndinazungulira mwakachetechete n'kuima pangodya ya khoma.

Mnyamata wa penti uja anali atamupatsa bulashi yakale ndi kachitini ka madzi. Madzi enieni a pampopi. Mwanayo ankaviika bulashi n'kulemba chilembo chachikulu pasimenti yotentha ya pakhonde, ndipo asanamalize china, choyambacho chinkayamba kuuma.

"Ba ankolo, dzuwa ladya S wanga!"

"Lemba wina msanga, lili na njala."

S. Yemwe uja amene pamsika sanamuonepo chibadwire.

Kenako mnyamatayo anapukuta manja, n'kumuuza kuti atembenuke. Analemba ndi chala pamsana pa mwanayo, pang'onopang'ono.

"Ichi?"

"Chikunyerenyesa! Bwezani."

Anabwereza.

"Ni P!"

"Amalira bwanji?"

Mwanayo anatseka milomo n'kuiphulitsa. Mnyamatayo sankangomuuza maina a zilembo monga ndinkachitira ine. Ankamuuza kulira kwake, ngati kuti chilembo chilichonse ndi kanyama. Kenako ankazigwiritsa manja ziwiriziwiri: uyu akagwirana ndi uyu akuti pa, akagwirana ndi uyu akuti po. Pansi pa mango panali minibasi imene anali atangoilemba kumbuyo, penti isanaume. Anamunyamula mwanayo n'kumuika paphewa.

"Tiye, kamba zimene nalemba. Osagwira."

Mwana wanga analoza ndi bulashi yake ya madzi. "O... sa... o... pa. Osaopa!"

"Aleluya!" anatero mnyamatayo, n'kumutsitsa.

Ndinadikira. Ndinadikira kuti dzanja lilowe m'thumba, switi ituluke, kapena bisiketi, kapena kobiri. Palibe chinatuluka. Mwanayo sanatambasule n'komwe dzanja. Anathamangira kuchitini chake cha madzi.

Nsanje ndinkaidziwa, ija ya pamsika, imene umamva mnzako wa benchi loyandikana akatsegula belo la majinzi okhaokha iwe utapeza makatani. Imeneyo imatha ukadya. Iyi inali ina. Inakhala pansi pa nthiti ngati munga wa nsomba. Mawu oyamba amene mwana wanga anawerenga pamaso panga anawawerenga ali paphewa la munthu wina, ndipo anawapereka mwaulere, pamene ine bambo wake ankandigulitsa chilembo chimodzi kawirikawiri.

Madzulo ake ndinamupeza mnyamatayo akutsuka mabulashi.

"Iwe munthu wa Mulungu, umupasa chani mwana wanga?"

"Kulibe, ba mudala."

"Osanama, uzapsa. Mabisiketi? Fanta?"

"Ni madzi chabe, ba mudala. Amabwera yekha. Ali na mutu wabwino maningi, mwadalitsika."

Mwadalitsika! Ndinafuna kumufunsa kuti wamupempha ndani kuti andiuze za mutu wa mwana wanga. Ndinamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi monga ndimayang'anira malaya pofuna potsitsira mtengo, koma chibowo sindinachipeze. Sankamwa, sankasuta, lendi ankalipira. Pamsika mdani woopsa si amene watsitsa mtengo, chifukwa ameneyo ukhoza kutsika naye. Woopsa ndi amene akupereka mwaulere. Ameneyo umapikisana naye bwanji?

Usiku tikudya ndinalengeza lamulo. Ndinati fungo la penti ndi loipa kwa ana, limalowa m'chifuwa, ndipo kuyambira mawa mwana asapondenso kuseri kwa nyumba.

Mkazi wanga anapitiriza kumenya nshima m'dzanja. "Mwana sanakhosomolepo."

"Mufuna tidikire akhosomole?"

"Atate ake mwana," anatero, "chifuwa chimene chikudwala m'nyumba muno nichidziwa, ndipo si cha mwana."

Koma lamulo linakhala lamulo. Ndinkayembekeza kulira ndi kugubuduka pansi, ndipo ndinali nditakonzeka. Mwanayo sanalire. Anandiyang'ana kwa nthawi, n'kupitiriza kudya.

M'mawa mwake pamsika ndinayala tisheti pamwendo monga mwa masiku onse, mtima uli m'malo, pakuti tsopano ndinkadziwa kuti katundu alipo ndithu m'sitolo, ndipo sitolo ina ija ndaitseka. Ndinaloza S.

"Katundu wasila, ba dadi," anatero, ngati wasitolo amene katundu wamuthera.

"Wasila bwanji? Dzulo nakuona ukulemba!"

"Wasila."

"Maswiti awiri."

Anapukusa mutu.

"Atatu. Na mbasela."

Anatola kabatani pansi n'kuyamba kuseweretsa.

Ndinaganiza kuti ndi za tsiku limodzi. Inadutsa sabata, inadutsa ina. Mvula inayamba, msika unasanduka matope, maswiti anamatana m'botolo n'kukhala chibuma chimodzi. Ndinayesa kulemba ndi madzi pabenchi monga ankachitira mnyamata uja. Mwanayo anayang'ana n'kunena kuti bulashi yanga ndi nsanza, ndipo zinali zoona, inali mkono wa malaya. Ndinayesa kumulemba pamsana. Anati chala changa chikukanda. Masana ali kunyumba ankakhala pawindo la kuchipinda, chibwano chili pamanja, kuyang'ana kumtengo wa mango. Mnyamata wa penti sanadandaule ngakhale kamodzi. Ankandipatsabe moni ndi manja awiri, ndipo tsiku lina anandiuza kuti akundipempherera pa malonda. Palibe chimene chinandipweteka ngati chimenecho. Munthu umuchitire nkhanza, iye akubwezere pemphero, ndiye kuti wakusiya ndi ngongole imene sungaitsitse.

Alamu nawo sanaiwale. Tikakumana pokwerera mabasi ankakuwa ali patali, "Ba hedimasitala! Sukulu iyenda shani?"

"Iyenda bwino, ba mulamu. Konzani choko."



Khirisimasi inafika. Tinavala, tinakwera minibasi kupita ku Estates. Botolo lija ndinalikulunga m'pepala n'kuliika m'chikwama cha mkazi wanga, ndipo m'njira monse ndinkanong'oneza mwanayo kuti lero ndi tsiku lalikulu, asachititse manyazi bambo ake. Iye ankayang'ana pawindo, milomo ikugwedezeka pang'ono tikamadutsa zikwangwani za tuntemba. Ndinaona, ndipo ndinadziwa kuti akuwerenga chamumtima zinthu zolembedwa ndi dzanja la mdani wanga.

Kwa alamu kunali anthu: apongozi anga aakazi, abale ena a mkazi wanga, ndi anansi awiri amene ndikukhulupirira kuti anaitanidwa dala kuti adzaone kugwa kwanga. Titadya mpunga ndi nkhuku, alamu anatulutsa kabolodi ka mwana wawo ndi choko. Anayamba ndi mnyamata wawo. Ndisamunamizire, mwanayo anachita bwino. Chilembo chilichonse chimene bambo ake analemba anachitchula, ndipo anthu anamuombera m'manja moyenera.

"Manje tiyeni tione sukulu ya pamsika," anatero alamu. Anafufuta bolodi, analemba mawu angapo, n'kulitembenuzira kwa mwana wanga.

Ndinaona maso ake akuyenda kuchokera kumanzere kupita kumanja. Ndinaona milomo ikugwedezeka. Anali atawerenga kale. Kenako anapinda manja pachifuwa n'kutembenukira kwa ine.

"Zingati, ba dadi?"

Chipinda chonse chinaphulika. Apongozi anatsamwa ndi Fanta.

Pali lamulo limene ndinkaliphunzitsa aliyense wofuna kumva, ndipo ndinalinena kambirimbiri pabenchi paja mwanayo ali pamulu wa masiketi: ukaona kuti munthu akufunitsitsa chinthu, ndipo anthu akumuyang'ana, usatchule mtengo msanga. Musiye adzitchulire yekha.

Ndinagwada pafupi naye. "Botolo lonse," ndinanong'ona. "Lili m'chikwama mwa amako."

"Awe."

"Na diresi lija la maluwa limene unakonda."

"Awe."

"Na nsapato zowala zija."

Anatsika pampando n'kuyamba kuyenda kulowera kukhomo, pang'onopang'ono, osacheuka.

"Ba mulamu, kasitomala akuthawa!" anakuwa alamu, misozi ikutsika ndi kuseka. "Muitaneni!"

Ndinaitana. Ndikanatani?

"Kamba iwe mwini. Ufuna chani?"

Anatembenuka ali pakhomo. "Nifuna kuyenda kuli ba ankolo ba penti."

Anthu ena sanamvetse, anayang'anana. Mkazi wanga anamvetsa, ndipo anaika mbale pansi bwinobwino ngati munthu amene filimu yake yayamba. Ine ndinaona njira ziwiri, zonse zaminga. Ndikakana, mwana sawerenga, ndipo alamu adzandiitana hedimasitala mpaka kumanda. Ndikavomera, ndiye kuti ndamubweza ndi manja anga kwa munthu amene anandilanda malo. Koma wamalonda savomera mtengo woyamba ngakhale nyumba ikupsa.

"Pa Chiweru chabe," ndinatero.

"Masiku onse."

"Lolemba na Chiweru. Napereka maningi."

Anagwira chitseko.

"Iwe, bwera! Masiku atatu pa sabata, mtengo womaliza. Ngakhale ku Lusaka sungaupeze."

Anaganiza, akukanda mwendo wina ndi chala cha mwendo unzake. Kenako anapumira m'mwamba monga ndimachitira ine ndikafuna kuti wogula aone kuti wandipha.

"Chabwino. Masiku onse, koma pa Sande nakusiyirani."

"Mwamva nonse," ndinatero msanga, pofuna kuti anthu aone kuti nanenso ndatsitsako kanthu. "Pa Sande sayenda."

"Ine ndine mboni," anatero mkazi wanga. "Ndipo pa Sande mnyamata uja amakhala kutchalitchi kuyambira m'mawa mpaka mdima."

Apa m'pamene ndinazindikira kuti mwanayo wandisiyira chinthu chimene sichinali chake n'komwe. Nanenso ndimatero: ndimachotsa pamtengo ndalama imene ndinaionjezera dala.

"Na botolo," anatero mwanayo. "Mbasela."

Mkazi wanga analitulutsa yekha m'chikwama.

Mwanayo anabwerera, anaima patsogolo pa bolodi, botolo lili m'khwapa, n'kuika chala pansi pa chilembo choyamba. Alamu anali atalemba mawu ofuna kundibaya nawo, ndipo mwana wanga anawatulutsa limodzilimodzi, mokweza, ngati akulengeza uthenga wabwino.

"A... ta... te... a... gu... li... tsa... sa... la... u... la. Atate agulitsa salaula!"

Apongozi analuluta. Alamu anafufuta msanga n'kulemba mawu ena, poganiza kuti mwina taloweza. Analemba njinga, anawerenga. Analemba nsomba, anawerenga, n'kufunsa ngati ndi za asodzi a ku Chanyanya. Mnyamata wa alamu anabwera pafupi kudzasuzumira pabolodi, n'kufunsa msuweni wake kuti akudziwa bwanji, ndipo iye anamuyankha kuti zilembo zimagwirana manja. Ine ndinali nditaimirira, chifuwa chili patsogolo, ndikulandira moni wa anansi aja ngati munthu wopambana chisankho.

Alamu anaika choko pansi. Ndi munthu woona mtima, ndiwapatse zimenezo. Anagwada pafupi ndi mwanayo.

"Wachita bwino, mayi. Manje niuze, anakuphunzitsa ndani?"

Ndinakonza kolala.

"Ba ankolo ba penti."

Alamu anatembenuka pang'onopang'ono kundiyang'ana, kumwetulira kukubwerera pankhope pawo ngati magetsi abwera.

"Nanga ba dadi bako anakuphunzitsa chani?"

Mwanayo anali akulimbana ndi chivundikiro cha botolo. Anayankha osadzutsa mutu.

"Kusakamba msanga."

Tsiku lotsatira, ndisanapite kumsika, ndinamuona akudutsa pabwalo ndi kachitini kake ka madzi, osandiyang'ana n'komwe. Ndinamva mnyamata uja akukuwa aleluya kuseri kwa nyumba. Pambuyo pake anabwera kudzandithokoza ndi manja awiri kuti ndamulola mwana, n'kunena kuti ankadziwa kuti Mulungu adzafewetsa mtima wanga. Sanadziwe kuti panali mpikisano. Mpaka anasamuka pamalopo patapita zaka, sanadziwe. Kupikisana ndi munthu amene sakudziwa kuti mukupikisana n'kotopetsa kuposa kunyamula belo pamutu.

Lamlungu lina, tsiku langa lija ndinapambana pamalonda, ndinali nditakhala pakhonde ndikusoka batani pa malaya ogulitsa. Ndinamva kachala pamsana panga, kakuyenda pang'onopang'ono, kukwera, kutsika, kukwera, kutsikanso.

"Ichi n'chani, ba dadi?"

Ndinachidziwa pompo, chinali M, cha miyendo yambiri chija. Koma ndinati sindinamve bwino, abwereze. Anabwereza. Ndinati malaya ndi okhuthala, abwerezenso. Anabwereza kachitatu, osafunsa kuti zingati, ndipo mtima wanga unayamba kusungunuka ngati maswiti aja m'botolo. Kenako ndinamva kuti polembapo akung'ung'udza kanyimbo, ndipo kanyimboko kanali korasi ya mnyamata wa penti. Munga uja unabwerera pamalo pake pansi pa nthiti, ndipo ndikamakumbukira lero ndimaumvabe.

Alamu anga mpaka pano amati anapambana ndi iwo, chifukwa ndinalonjeza kuti mphunzitsi ndidzakhala ine. Ine ndimati mwana anawerenga pa Khirisimasi monga ndinanenera, ndipo mtengo umene anandidula nawo pamaso pa anthu sanauphunzire pansi pa mango. Mkazi wanga amati tonse awiri tikhale chete. Mnyamata wa penti anapita ndi aleluya wake osalipira kanthu, ndipo mwanayo anatenga ba ankolo ake, masiku ake, ndi botolo lonse pamwamba.

Inu amene simunadye nawo mpunga tsiku lija, ndiuzeni mosakondera: pamalonda amenewa anapambana ndani?